Mlandu wa Kompyuta Nambala 3

Pa msika wa Lundazi pali liwu limodzi lomwe limathetsa mkangano uliwonse: netiweki. Wa mobile money akalephera kukupatsa ndalama zako amangokweza mapewa n'kunena kuti kulibe netiweki. Wogulitsa feteleza akakhala ndi mzere wa alimi kuyambira m'mawa, yankho lake ndi lomwelo. Agogo ochokera ku Emusa amalinena m'Chitumbuka, "netiweki palije," n'kukakhala pamthunzi kudikira monga timadikirira mvula. Palibe amene amafunsa kuti ndi netiweki iti, yadukira pati, nanga chayidula n'chiyani.

Liwuli timalikonda chifukwa limaponya mlandu kutali, ku nsanja ya mafoni kapena ku Lusaka, komwe palibe amene tingamugwire malaya. Kuno tinazolowera kale kuti zinthu zimafera kutali: kwa zaka zambiri magetsi athu ankachokera ku Malawi, ndipo akazima tinkangoloza kum'mawa. Koma pali nthawi yomwe mlandu umakana kupita kutali. Ukatero umagwera munthu amene ali pafupi, makamaka amene alibe mphamvu zodzitetezera. Zotere zinatsala pang'ono kuchitika mu shopu ya amalume anga mu October 2024.

Shopuyo ndi ya mtundu womwe mumaudziwa: fotokope, kutayipa, kupulinta, kulamineta, zithunzi za paziphaso, makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Kutsogolo kuli makompyuta anayi. Yachisanu ili kuchipinda chakumbuyo pakati pa makatoni a mapepala, ndipo palibe amene amakhalapo. Imeneyo ndiyo seva, koma amalume amaitcha nkhokwe, chifukwa chilichonse chotayipidwa, chojambulidwa kapena chosikanidwa mu shopumo chimasungidwa mmenemo. Makompyuta onse asanu ali ndi nthambo zopita ku kabokosi ka mabowo 8 kotchedwa swichi. Ubwino wake ndi woti munthu amene anatayipitsa CV chaka chatha pa kompyuta nambala 1 akhoza kuipeza lero pa nambala 4 osayambanso mwatsopano.

Kwa zaka zingapo nkhokweyo inagwira ntchito mwakachetechete. Kenako mapepala anachuluka. Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000, ndipo aliyense wofunsira ntchito anafunika kusikanitsa masetifiketi ndi NRC. Chaka chomwecho ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, zomwe zinabweretsa mafomu a bursary, malamulo a makoparetivu ndi makalata a magulu a amayi. Chasefu ndi Lumezi anakhala maboma paokha mu 2018, koma anthu ambiri akumeneko amabwerabe ku Lundazi akafuna za mapepala. Onjezanipo anyamata ojambula maukwati omwe amabwera ndi mavidiyo a 20 GB kuti awakopere m'mafulashi a abale onse.

Vuto linkabwera chonchi. Shopu ikadzaza, makamaka masana, foda ya nkhokwe inkangozimiririka pa sikirini. Windows inkanena kuti malowo sakupezeka. Pakapita masekondi 20 kapena 40 foda inkabwerera yokha ngati palibe chachitika. Koma fayilo yomwe inali pakati pa kusungidwa nthawi imeneyo inkafa, osatsegukanso. Mphunzitsi wina wochokera kuchigwa, cha ku Chitungulu, anataya mayeso a maphunziro atatu omwe anamutayipira kuyambira m'mawa. Galimoto yobwerera kwawo inamusiya, anagona pa boma, ndipo temu yotsatira mayeso ake anakawatayipitsa kwina.

Amalume anachita zomwe aliyense akanachita. Anagula bando yaikulu. Anasintha SIM ya mu rauta n'kuika ya kampani ina. Anaitana mnyamata wina yemwe anafufuta kompyuta imodzi n'kuikamo Windows yatsopano, ati muli vairasi. Palibe chinasintha. Atatopa ndi makina anayamba kuyang'ana anthu, ndipo maso awo anaima pa mtsikana wa pa kompyuta nambala 3.

"Iwe, taona wekha," anandiuza madzulo ena akutseka. "Mwanayu akangokhala pampando zonse zimafa. Loweruka sabwera, ndipo Loweruka timagwira bwino ntchito tsiku lonse. Kaya pali chomwe amadina, kaya ndi manja ake. Mwezi ukatha ndimuuza apume."

"Amalume, mundipatse masabata awiri," ndinatero. "Musamuuze kanthu kaye."

Ine ndimakonza mafoni ndi makompyuta pa kantemba kanga chapafupi pomwepo, n'chifukwa chake anandimvera. Umboni wawo sunali wabodza. Zinalidi zoona kuti vuto linkabwera mtsikanayo ali pantchito, ndipo Loweruka, iye atapita kukapemphera, silinkabwera. Chomwe chinasowa ndi funso loti Loweruka limasiyananso bwanji ndi masiku ena.

Choyamba chinali kulekanitsa netiweki ziwiri zomwe amalume ankaziyesa imodzi. Ndinazula rauta ya intaneti pamagetsi iwo akuona, n'kutsegula fayilo ya mu nkhokwe pa kompyuta nambala 2. Inatseguka. Fayilo yochoka kuchipinda chakumbuyo kubwera kutsogolo sidutsa pa nsanja ya mafoni, sipita ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo sidya bando ngakhale ya ngwee imodzi. Imayenda m'nthambo za mu shopu momwemo. Mabando onse aja anali mankhwala a mutu pa chilonda cha kuphazi.

Chachiwiri chinali kabuku. Ndinagula kabuku ka sukulu n'kujambulamo mizere: tsiku, nthawi, amene amachita chiyani pa kompyuta iliyonse, makompyuta omwe ataya nkhokwe, magetsi omwe tikugwiritsa ntchito, ndi momwe timagetsi ta pa swichi taonekera. Mzere wa magetsi unali wofunika chifukwa chaka chimenecho chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankasowa maola ambiri, moti shopu inkayendera sola ndi inveta masiku ambiri. Kabukuko ndinakapereka kwa mtsikana yemwe uja. "Asisi, ikangoduka mulembe, ngakhale kasitomala akalipe," ndinamuuza. Sanadziwe kuti akulemba umboni wa mlandu wake womwe.

Chachitatu chinali ping. Kameneka ndi kapulogalamu kakang'ono komwe kali mu kompyuta iliyonse. Anakalemba ndi Mike Muuss wa ku America mu 1983, ndipo dzinalo analitenga ku kulira kwa chida chomwe sitima zapamadzi zimafufuzira zinthu pansi pa nyanja. Ntchito yake ndi kugogoda pa kompyuta ina n'kumvera ngati yayankha. Pa Windows mukatsegula Command Prompt n'kulemba ping, adiresi ya kompyutayo, ndi -t kumapeto, kamagogoda sekondi iliyonse mpaka mutakaimitsa. Pa kompyuta iliyonse yakutsogolo ndinasiya mawindo awiri otsegula, ina ikugogoda pa nkhokwe, ina pa rauta. Vuto likabwera, kungoyang'ana yomwe yasiya kuyankha kunkatiuza mbali yomwe njira yadukira.

Patatha masiku asanu ndi limodzi kabuku kanali ndi mizere 23, ndipo kanaonetsa zinthu zitatu. Magetsi analibe mlandu: vuto linkabwera pa sola ndi pa magetsi a pamzere chimodzimodzi. Silinabwerepo anthu akungotayipa. Nthawi zonse panali fayilo yaikulu ikuyenda, vidiyo ya ukwati kapena mulu wa masetifiketi osikanidwa. Ndipo kuduka kwake kunali kwa mitundu iwiri. Kawirikawiri nkhokwe yokha ndiyo inkasowa, rauta ikuyankhabe, ndipo kagetsi kamodzi pa swichi kankazima n'kuyakanso. Koma kanayi konse, nthawi zonse pakati pa 13 ndi 15 koloko, chilichonse chinkasowa ndipo timagetsi tonse tinkazima pamodzi. Kwa kasitomala zinkaoneka ngati matenda amodzi. Anali awiri.

Za Loweruka zinamveka pomwepo. Loweruka msika umadzaza, koma masukulu ndi maofesi amakhala otseka, ndipo ntchito yambiri imakhala fotokope ya NRC, yomwe sikhudza nkhokwe n'komwe. Nanga chifukwa chiyani nambala 3? Chifukwa sikana yalumikizidwa pamenepo, ndipo mtsikanayo ndiye anali wachangu kuposa onse, moti ntchito zolemera ankazikankhira kwa iye. Ngolo yothyoka ekiselo imayenda bwino ikakhala yopanda kanthu; imagwa tsiku lomwe mwaikweza matumba a chimanga, ndipo amene wagwira chikwapu tsiku limenelo ndiye amaoneka wolakwa.

Kabuku pakokha sikakanawakhutiritsa amalume. Vuto lobwera katundu akachuluka uyenera kuliitana wekha, pa nthawi yomwe wasankha, pamaso pa amene akukayika. Lamulungu masana atabwera kutchalitchi tinatsegula shopu awiriwiri. Ndinayambitsa kukopera vidiyo yaikulu pa makompyuta onse anayi nthawi imodzi, ndipo amalume anayatsa fotokope n'kuyamba kutulutsa mapepala monga pa tsiku lotanganidwa. Pasanathe mphindi 5 kagetsi ka nkhokwe kanazima. Tinabwereza katatu, kanazima katatu. Pampando wa nambala 3 panalibe munthu.

"Manje ndi chiyani?" anafunsa amalume, mawu atatsika.

Kuyambira apo lamulo linali limodzi: sintha chinthu chimodzi, yesanso, lemba. Ukasintha zitatu pamodzi vuto n'kutha, sudziwa chomwe chachiza, ndipo likabwerera umayambanso pachiyambi. Ndinasamutsa nthambo ya nkhokwe kuchoka pa bowo 1 kupita pa bowo 6 la swichi. Vuto linasamuka nayo, kutanthauza kuti bowo linalibe mlandu. Mu Event Viewer ya nkhokwe, momwe Windows imalemba zochitika zake, munali mizere yonena kuti kulumikizana kwa nthambo kwaduka, pa nthawi zomwezo zolembedwa m'kabuku. Kenako tinanyamula nkhokwe yonse n'kuiika kutsogolo pafupi ndi swichi, n'kuilumikiza ndi nthambo yaifupi yogula yomanga kale kufakitale. Tinakopera kwa ola lathunthu. Sinaduke.

Choncho mlandu woyamba unali wa nthambo yaitali ija, ya mamita pafupifupi 20, yomwe inkakwera kudenga n'kuyenda limodzi ndi waya wa magetsi wa fotokope. Kunja inalibe bala. Kachida koyezera nthambo kotchipa, kaja ka timagetsi 8 toyaka motsatizana, kananena kuti ili bwino. Chilema chinali m'mitu yake yapulasitiki, ndipo kuti muchione muyenera kudziwa zomwe zili m'kati.

Nthambo ya netiweki ili ndi timawaya 8, topotedwa tiwiritiwiri: ta olenji, tobiriwira, ta buluu ndi ta bulauni, kalikonse ndi mnzake woyera wa mizere ya mtundu womwewo. Kupotako si kukongoletsa. Timawaya tiwiri tikapotana, phokoso la magetsi lochokera kunja limatigunda mofanana, ndipo kolandira uthenga kamatha kulichotsa. Nzeruyi ndi yakale. Alexander Graham Bell anailembetsa mu 1881 pofuna kuchepetsa phokoso m'mafoni. Koma imagwira ntchito pokhapokha uthenga umodzi ukuyenda pa timawaya ta peya imodzi. Pa mutu wa nthambo, uthenga umodzi umayenda pa mano 1 ndi 2, wina pa 3 ndi 6, wina pa 4 ndi 5, wina pa 7 ndi 8. N'chifukwa chake dongosolo lotchedwa T568B limaoneka ngati losokonekera: koyera ka olenji, olenji, koyera kobiriwira, buluu, koyera ka buluu, kobiriwira, koyera ka bulauni, bulauni. Peya yobiriwira imatsegula miyendo n'kulola ya buluu kukhala pakati.

Amene anamanga nthambo yathu zaka zapitazo anachita zomwe maso amakonda. Anandandalika mapeya motsatana, olenji awiri, obiriwira awiri, buluu awiri, bulauni awiri, mbali zonse ziwiri chimodzimodzi. Magetsi amadutsa bwinobwino, n'chifukwa chake kachida koyezera sikanadandaule. Koma mano 3 ndi 6 anagwera pa timawaya ta mapeya osiyana, chimodzimodzinso 4 ndi 5. Theka la nthambo linali lopanda chitetezo.

Apa ndi pomwe pali yankho la funso loti n'chifukwa chiyani inkafa katundu akachuluka pokha. Fayilo siyenda yathunthu. Imadulidwa m'timaphukusi ta mabayiti pafupifupi 1,500. Kaphukusi kakafika kowonongeka kamatayidwa, ndipo kotumiza kamatumizanso. Kalata ya tsamba limodzi ndi timaphukusi tochepa, kamodzi kakabwerezedwa palibe amene amazindikira. Vidiyo ya 20 GB ndi timaphukusi toposa 13 miliyoni, totsatana popanda kupuma, pa nthawi yomwe fotokope nayo ikukoka magetsi ambiri pa waya woyandikana. Zowonongeka zikachuluka, nkhokwe ndi swichi zimasiyana kaye n'kuyambanso kugwirizana. Masekondi amenewo ndiwo ankapha mafayilo. Nthawi zina zinkagwirizananso pa liwiro lotsika, 100 megabit m'malo mwa 1 gigabit, ndipo vidiyo yoyenera kutenga mphindi 3 kapena 4 inkatenga theka la ola. Kuchedwa kumeneko nako ankamunenera mtsikana uja.

Ndinadula mitu yonse iwiri, n'kumanga yatsopano m'dongosolo loyenera, ndipo nthamboyo tinaipatula kwa waya wa magetsi. Mitu iwiri yapulasitiki ndi yotchipa kuposa botolo la zakumwa. Nkhokwe inabwerera kuchipinda chake ndipo kuduka kwa mtundu woyamba kunatheratu.

Lachitatu masana chilichonse chinazimanso. Amalume anandiyang'ana ngati ndawanamiza, koma kabuku kanali katanena kale kuti matenda ndi awiri. Timagetsi tonse tikazima pamodzi ndiye kuti swichi yeniyeniyo yazima n'kudzukanso. Inali pashelefu pamwamba pa makina olaminetera, pansi pa malata, mu October wa Lundazi. Adaputa yake inali yotentha yosagwirika. Pansi pa swichi panalembedwa 12V ndi 1A, pomwe pa adaputa panalembedwa 12V ndi 0.5A. Yoyambirira inapsa kalekale ndipo wina anangotola ya rauta yakale chifukwa kamutu kake kanalowa. Kamutu kulowa si umboni. Ma volt ayenera kufanana ndendende, ndipo ma amp a adaputa ayenera kufanana kapena kuposa omwe chida chikufuna. Adaputa yochepa mphamvu imapirira m'mawa kukuzizira. Masana kukatentha, mabowo onse ali pantchito, imagonja. Tinagula yoyenera, swichi tinaikhomera pakhoma lakumthunzi pomwe pamadutsa mphepo.

Ngati muli ndi shopu yotere, kapena mumayang'anira makompyuta a pasukulu, oganiziridwa ena alipo omwe kwathu anapezeka osalakwa. Windows wamba, yosakhala ya seva, imalola zida 20 zokha kulumikizana nayo nthawi imodzi, ndipo ya 21 imakanidwa. Khadi ya netiweki ili ndi bokosi mu Device Manager lolola kompyuta kuigoneka posunga magetsi. Pa seva lichotseni. Rauta ziwiri zikamagawa maadiresi mu shopu imodzi, makompyuta awiri akhoza kupatsidwa adiresi imodzi n'kumalandana. Hard disk yokalamba imaima kaye ikafika pamalo owonongeka, ndipo mudzaizindikira chifukwa ping imayankhabe pomwe foda yauma. Nthambo siyenera kupitirira mamita 100. Ndipo nthambo zotchipa zina ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba. Mukapala kawaya ndi mpeni n'kuona koyera m'kati, dziwani kuti kadzathyoka msanga. Chilichonse mwa izi chimasiya chizindikiro chakechake, koma chizindikirocho amachiona ndi amene amalemba.

Mwezi unatha ndipo palibe amene anauzidwa kuti apume. Amalume si munthu wopepesa ndi pakamwa. Anangomuwonjezera malipiro mtsikanayo n'kumupatsa kiyi wachiwiri wa shopu, ati kuti azitsegula iwo akachedwa. Iye anadzamva nkhani yonse patapita miyezi, kwa mnzake wa pa nambala 1, ndipo anabwera pa kantemba kanga osaseka.

"Achimwene, ndiye kuti mukanapanda kubwera ndikanachotsedwa chifukwa cha waya?"

"Mukanachotsedwa, asisi, ndipo waya akanatsala."

Zimenezo ndizo zimandivutitsa mpaka lero. Akanachoka, ntchito zolemera zikanachepa kwa masabata angapo chifukwa palibe wina amene ankazitha msanga, vuto likanaoneka ngati lachepa, ndipo aliyense akanakhulupirira kuti amalume anaona bwino. Malo ambiri omwe achinyamata timagwirako ntchito, m'mashopu, m'magaraji, m'mabuthi a ndalama, ali ndi nthambo zawo zomangidwa molakwika kalekale ndi munthu amene anachoka. Zimapirira mpaka patabwera wina wolimbikira n'kuzikoka mwamphamvu. Aulesi sizidukira m'manja mwawo. Musanavomere kuti mnzanu ali ndi manja oipa, pemphani kuti ntchito yomweyo, yolemera chimodzimodzi, ichitike iye kulibe.

Kabuku kaja akusungabe ndi iye. Anawonjezeramo mzere wa inki ya pulinta ndi wa batire la sola, ndipo nthambo ikafunika mu shopumo amamanga yekha mitu yake, kuyambira koyera ka olenji.